Kodi mumadziwa? Khutu limadula mawu mwachikwawo

Munthu akamayankhula sasiya mipata pakati pa maphatikizo. Womvera ndiye amadzidulira mawuwo, motsatira chiyankhulo chimene anakula nacho.

Mu 1981 Jacques Mehler ndi anzake anapempha Afalansa kuti azidina batani akangomva "ba" kapena "bal". Anthuwo ankagwira msanga "ba" m'mawu a Chifalansa akuti "balance", koma "bal" ankamugwira msanga mu "balcon", ndendende mmene maphatikizo a mawuwo alili. Mu 1986 Anne Cutler, pamodzi ndi Mehler yemweyo, atayesa Angerezi, kusiyana kotere sikunaoneke. Khutu la Mngerezi limatsamira kwambiri pa phatikizo lotchulidwa mwamphamvu.

Chodabwitsa zedi n'chakuti Afalansa ankadulabe mwachifalansa ngakhale pomvera mawu a Chingerezi.