SITUDIYO YA M'THUMBA YAFIKA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Msewu umene upita pambali pa komboni ya Kalingalinga mu Lusaka unapatsidwa dzina la Alick Nkhata, woimba ndiponso muulutsi wa pa wailesi ya Central African Broadcasting Station m'zaka za m'ma 1950. M'masiku ake, munthu wofuna kuti nyimbo yake ijambulidwe anayenera kupita kumene kunali makina, pakuti makinawo anali aakulu, olemera ndi okwera mtengo. Lero mnyamata wa m'komboni yomweyo angathe kunyamula makina ocita nchito imeneyo m'thumba la mabuku a kusukulu.

Pakati pa nthawi ziwirizi papita zambiri. M'zaka za m'ma 1970, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zomveka pa wailesi zikhale za m'dziko muno, magulu oimba anaculuka koposa, koma nyumba zojambuliramo zinali zowerengeka. Kunali dB Studios mu Lusaka ndi Malachite ku Chingola, ndipo malekodi anali kudindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola. Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989, anafika mpaka ku Nairobi kukajambula zina mwa nyimbo zake. Pamene kampani ya Mondo Music inayamba kutulutsa nyimbo ca m'ma 1999, kompyuta inali itayamba kale kulowa m'malo mwa makina a matepi, ndipo posakhalitsa timasitudiyo ta cipinda cimodzi tinamera mu Matero, Chawama, Mtendere ndi kwina.

Masitudiyo ambiri a m'makomboni akali kudalira kompyuta. Koma amene angoyamba kumene, amene alibe ndalama zolipira mwini situdiyo, akuyambira pa foni kapena pa tabuleti. Tabuleti ndi kompyuta yopyapyala ngati sileti ya ana a sukulu akale, ndipo imagwira nchito mwa kuikhudza ndi cala pagalasi pake. Kampani ya Apple inatulutsa yake, iPad, mu 2010, ndipo m'caka comweco gulu la ku Britain la Gorillaz linapanga cimbale cathunthu, The Fall, pa tabuleti imeneyi liri paulendo ku America. Kwathu kuno zofala ndi za mtundu wa Android, cifukwa ndizo zotsikirako mtengo.

Kapangidwe ka nyimbo pa cipangizoci kangadabwitse aliyense amene anazolowera kuona gule wa kumudzi, kumene ng'oma zitatu zifuna amuna atatu. Mnyamata amatsegula pulogalamu, monga BandLab imene ipezeka mwaulere, FL Studio Mobile imene igulidwa, kapena GarageBand ya pa iPad. Pagalasi pamaoneka mizere. Mumzere woyamba amaikamo kugunda kwa ng'oma, kumene kumabwerezabwereza kokha osatopa. Mu waciwiri amaikamo mau aakulu a besi, mu wacitatu limba kapena gitala. Atatha zimenezi amavala mahedifoni naimba, kenaka amabwerera poyambira nadzipolokezera yekha, kawiri kapena katatu, kufikira munthu mmodzi amveka ngati kwaya. Akalakwa pa liu limodzi safunika kuyambiranso nyimbo yonse monga anali kucitira a Ngozi Family. Amangodula pamene palakwikapo naikapo pena.

Makolo a ku Katete kapena ku Petauke amene alandira uthenga wa mwana wopempha ndalama za tabuleti adziwe kuti tabuleti yokha sikwanira. Kamaikolofoni kamene kali m'kati mwake kamatola ciliconse, ndipo mau ake ndi opyapyala. Pafunika maikolofoni yapadera, ndi kabokosi kokhala pakati pa maikolofoniyo ndi tabuleti, kamene anyamata akachula kuti saundikadi. Kabokosika kamakuza mau ndi kuwasandutsa kuti makina awamve, ndipo kamapatsa mphamvu ya mavoti 48 imene maikolofoni ya kondensa ifuna. Kamathandizanso pa vuto lina losautsa: pa matabuleti otsika mtengo, mau a woimba amacedwa pang'ono kubwerera m'makutu mwake, cotero amaphonya kugunda kwa ng'oma monga wovina wogontha. Kuonjezera apo pafunika mahedifoni ndi nthambo yolumikizira. Zonsezi pamodzi zingathe kuposa mtengo wa tabuletiyo.

Ubwino wake weniweni unaoneka mu 2024. Cilala ca caka cimeneco, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, cinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzimitsidwa maola oculuka, m'miyezi ina kufikira maola 21 pa tsiku. Kompyuta yaikulu popanda magetsi imangokhala cete. Tabuleti iri ndi batire lake, ndipo kasola kakang'ono, konga kamene kali pa madenga ambiri kumidzi, kangathe kuidzaza.

Cimene makina alephera kugonjetsa ndi phokoso la m'komboni. Nyumba za ku George ndi ku Kanyama n'zoyandikana, malata amalira mvula ikagwa, ndipo cigayo, bawa ndi maminibasi sizidikira woimba. Cotero ena amakoloweka mabulangete ndi matilesi m'zipupa, najambula pakati pa usiku anthu atagona.

Palinso cina cimene akuluakulu a nyimbo za kalindula angadandaule naco, ndipo sangalakwe. Ng'oma za m'pulogalamu ndi zofanana kwa aliyense, kaya ali ku Matero kaya ku Johannesburg, ndipo n'cifukwa cake nyimbo zambiri zatsopano zimveka ngati ana a mimba imodzi. Komatu tabuleti yomweyo ingathe kupita kumudzi pa holide, nijambula ng'oma yeniyeni ya cimtali, kalimba wa agogo kapena mau a amai a pamtondo, ndipo mauwo angalowe m'nyimbo yatsopano. Mwana wa kumudzi apa aposa mnzake wobadwira m'tauni, malinga ayambe wapempha cilolezo kwa eni ake.

Nyimbo ikatha, mwini wake ali ndi ufulu pa iyo mwa lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo limasonkhanitsa malipiro a oimba amene analembetsa. Kusunga nyimboyo ndi nkhani ina. Malekodi ambiri a m'ma 1970 anasowa m'dziko muno, ndipo gulu la WITCH linamvekanso kunja pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo zake niitulutsanso mu 2012. Emmanuel "Jagari" Chanda, mtsogoleri wa gululo, panthawiyo anali kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya. Lekodi inatha kudikira zaka zoposa 30 pa shelefu. Tabuleti ikabedwa m'minibasi, kapena ikagwera m'madzi amene amadzaza Kanyama m'dzinja, imapita ndi nyimbo zonse zimene mwini wake sanakopere pa kakhadi kena kapena pa intaneti.