Masana kufunda, usiku cisanu: zimene okhala m'makomboni a Lusaka ayenera kuyembekezera pamene masika akutha

LUSAKA – Mvula yaleka kugwa mu mzinda wa Lusaka ndipo masiku otsiriza a nyengo ya masika ali ofunda bwino. Dzuwa likuwala tsiku lonse, kumwamba kulibe mitambo, ndipo matope amene amabvutitsa anthu a ku Kanyama ndi ku Chawama m'nyengo ya dzinja auma.

Koma kufunda kumeneku kusanyenge munthu kuti caka cino cisanu sicidzabwera. Thambo loyera limene likupereka dzuwa masana ndi lomwelo limene limabweretsa kuzizira usiku. Ndiponso miyezi youma imene yayamba tsopano ndiyo nthawi imene anthu a m'makomboni ali nayo yokonzekera mabvuto a madzi ndi matenda amene amayamba kuoneka mu Okutobala.

Zimene zimacitika m'miyezi ino

Malinga ndi zimene zakhala zikulembedwa kwa zaka zambiri pa malo opimira nyengo, monga pa bwalo la ndeke la City Airport ndi la Kenneth Kaunda, m'mwezi wa Meyi kutentha kwa masana mu Lusaka kumafika pafupifupi madigiri 25, pamene usiku kumatsika kufika pafupi ndi madigiri 12.

Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yozizira koposa. Masana kumakhala pafupifupi madigiri 23, koma usiku kumatsika mpaka madigiri 10 ngakhale kucepera apo. Masiku ena m'mbandakuca, makamaka m'malo otsika ndi m'madambo, kumafika pa madigiri 5.

Lusaka imalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800 pa caka, ndipo yoculuka imagwa pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Kuyambira Meyi kufikira Seputembala mvula siyembekezeka. Mu Ogasiti kumabwera mphepo yamphamvu ndi fumbi, kenaka kutentha kumakula mpaka kupitirira madigiri 30 mu Okutobala, anthu ali kudikira cizimalupsa.

Conco kuuma kumene kulipo tsopano si cilala. Cilala ndi kusowa kwa mvula pa nthawi imene iyenera kugwa, monga momwe zinalili mu Januwale ndi Febuluwale 2024. Kuuma kwa mu Meyi ndi kwa caka ndi caka, ndipo kuli ndi ubwino wake: cimanga cimauma bwino m'minda ya ku Chongwe ndi ku Chibombo, miseu ya m'makomboni imapitika, ndipo oumba mabuloko ndi omanga nyumba amagwira nchito popanda cosokoneza.

Cifukwa cake kumafunda masana ndi kuzizira usiku

Mvula ya m'Zambia imatsatira dzuwa. M'nyengo ya dzinja, mphepo zocokera kumpoto ndi kum'mwera zimakumana pamwamba pa dziko lino, ndipo pamene zakumanapo mpweya wa cinyezi umakwera ndi kusanduka mitambo. Pofika Epulo malo okumanirawo amasunthira kumpoto, kupitirira dziko la Tanzania ndi la Congo. M'malo mwake, kum'mwera kwa Africa kumakhazikika mpweya wouma umene umatsika kucokera kumwamba ndi kuletsa mitambo kupangika.

Masana, kusowa kwa mitambo kumalola dzuwa kutenthetsa nthaka bwino lomwe. Koma mitambo imagwiranso nchito ngati bulangete. Dzuwa likalowa, nthaka imayamba kutaya kutentha kumene inalandira, ndipo ngati kulibe mitambo yokubweza pansi, kutenthako kumathawira kumwamba usiku wonse. Ndiye cifukwa cake nthawi yozizira kwambiri imakhala dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, pamene ana a sukulu ndi ogulitsa pa msika wa Soweto ali kale pa mseu.

Kukwera kwa malo kumaonjezera. Lusaka ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo malo okwera amazizira kuposa zigwa monga Chirundu ndi Luangwa. Ku Sesheke, kumene nthaka ndi ya mcenga umene umataya kutentha msanga, zaka zina kuzizira kumatsika pansi pa ziro mpaka kupsereza ndiwo zamasamba m'madimba. Usiku nawonso ukutalika: pofika pa 21 Juni, dzuwa mu Lusaka limawala maola opitirira pang'ono 11, pamene mu Disembala limawala maola 13.

Nyengo yofundayi ingathe kusintha mwadzidzidzi. Nthawi zina mphepo ya mwera imakankha mpweya wozizira wa cinyezi kucokera ku nyanja ya India, kudzera ku Mozambique. Zikatero kumaca kuli mitambo, kumaomba mphepo yolasa thupi, ndipo malo ena kumagwa mvula yowaza imene ku Malawi amati ciperoni. Zimenezi zimatenga masiku awiri kapena atatu. Mitambo ija ikangocoka, usiku wotsatira umakhala wozizira kuposa masiku onse.

Ngozi ya mbaula m'nyumba

Anthu oposa 2 miliyoni anawerengedwa m'boma la Lusaka pa kalembera wa mu 2022, ndipo ambiri a iwo amakhala m'makomboni. Nyumba zoculuka ku George, ku Matero, ku Mtendere ndi kwina ndi za mabuloko a simenti, zofolera ndi malata, zopanda siling'i. Malata amatentha msanga masana ndipo amazizira msanga usiku. Cifukwa ca ici, mabanja ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba atatha kuphika nsima ya madzulo.

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu ya nyengo ino. Malasha akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene m'Cingerezi amati carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka ndipo sununkha. Ukalowa m'mapapo umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka, koma amene ali m'tulo samva ciliconse, amangopitirira. Ngakhale malasha amene afiira bwino ndipo aleka kufuka utsi amatulutsabe poizoniyo. Caka ndi caka nyengo yozizira ikafika, apolisi amalengeza za anthu amene apezeka atafa m'nyumba zao atagona ndi mbaula yoyaka.

Malangizo a zaumoyo ndi akuti mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone, ndipo pamene ili m'nyumba, zenera kapena citseko cikhale cotsegula. Munthu akapezeka atakomoka m'cipinda ca mbaula, atulutsidwe panja pa mpweya msanga ndi kuthamangira naye ku cipatala, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Ana ang'ono asasiyidwe okha pafupi ndi mbaula kapena kandulo, pakuti ana ambiri amapsa ndi moto kapena madzi otentha m'miyezi yomweyi. Moto ukabuka, nambala ya ozimitsa moto ndi 993.

Kudalira malasha kumakula magetsi akamasowa. Pa 29 Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa maboma 116 atakhudzidwa. Popeza mbali yaikulu ya magetsi a m'Zambia imacokera ku madzi a ku Kariba ndi a mumtsinje wa Kafue, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi, ndipo pofika Seputembala caka comweco malo ena anali kukhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Mtengo wa thumba la malasha unakwera, ndipo mabanja amene anali kuphikira pa sitovu anabwerera ku mbaula.

Utsi, fumbi ndi cifuwa

Amene amadzuka m'mamawa m'nyengo ino amaona cinthu conga nkhungu citaphimba makomboni. Mbali ina imakhaladi nkhungu, koma yaikulu ndi utsi. Usiku wopanda mitambo, mpweya wozizira umakhala pansi ndipo wofunda umakhala pamwamba pake ngati cibvundikiro. Utsi wa mbaula, wa zinyalala zoocha ndi wa galimoto umalephera kukwera, motero anthu amaupuma kufikira dzuwa litatenthetsa nthaka.

Masana bvuto ndi fumbi. Miseu yambiri ya mkati mwa makomboni ilibe tala, ndipo amai amene amaphwanya miyala, monga m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, amapuma fumbi la miyala tsiku lonse. Utsi ndi fumbi zimapweteka maso ndi pakhosi, ndipo zimautsa matenda a mphumu.

Cimfine naco cimafala cifukwa anthu amakhala mopanikizana m'zipinda zotseka ndi m'mabasi otseka mazenera. Kwa akulu cimatha cokha, koma kwa makanda, okalamba ndi odwala matenda ena cingathe kusanduka cibayo. Makolo ayenera kuyang'ana kapumidwe ka mwana. Mwana wa miyezi 2 kufikira 11 akamapuma koposa maulendo 50 pa mphindi imodzi, kapena wa caka cimodzi kufikira zaka 5 koposa maulendo 40, kapenanso nthiti zikamalowa mkati popuma, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Zipatala za ku Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata, pamodzi ndi makiliniki a ku George, Mtendere ndi Kalingalinga, zili pafupi ndi anthu. Munthu amene watsokomola kwa milungu iwiri ayenera kukapimitsa cifuwa cacikulu ca TB.

Madzi amacepa, kolera amadikira

Madzi a mu Lusaka amacokera mbali ziwiri: ku mtsinje wa Kafue, kumene amapopedwa pa Iolanda, ndi ku zitsime zokumba ndi makina zoposa 100 za kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation Company. Pakali pano madzi a pansi pa nthaka akali pafupi cifukwa mvula yangotha kumene. Koma mwezi uliwonse wopanda mvula amatsika, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala mizere ya zigubu pa mipope imatalika. Magetsi akazima, makina opopa madzi nawonso amaima.

Pamenepo mabanja ena amabwerera ku zitsime zosazama. Ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama, pansi pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Madzi amayenda mofulumira m'ming'alu imeneyi popanda kusefedwa, kotero kuti zonyansa za m'cimbudzi cokumba zingathe kufika m'citsime ca pafupi, madziwo ali kuoneka oyera.

Anthu ambiri amaganiza kuti kolera ndi matenda a mvula, koma miliri iwiri yaikulu ya posacedwapa inayamba kumapeto kwa nyengo youma. Wa mu 2017 unalengezedwa pa 6 Okutobala, ndipo pofika Meyi 2018 anthu oposa 5,400 anali atadwala mu Lusaka mokha, 98 mwa iwo atamwalira. Wa mu 2023 unayambanso mu Okutobala. Unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Mvula imafalitsa matendawa, koma kusowa kwa madzi abwino ndiko kumawatsegulira khomo.

Motero miyezi ino ndiyo yoyenera kucotsa zonyansa m'zimbudzi zodzala, kukonza zimene zinagumuka, ndi kufukula zinyalala m'mifolo pamene ili youma. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inakonzedwa ndi thandizo la dziko la America pakati pa 2013 ndi 2018, singathandize ngati mifolo yaing'ono yopita kumeneko yatsekeka ndi mapulasitiki. Madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini ngakhale kulibe mliri.

Kodi kufunda kwa tsopano kukunena za mvula ya m'tsogolo?

Akuluakulu ena amakhulupirira kuti cisanu cikakula ndiye kuti mvula idzakhala yambiri, ndipo akaona Meyi wofunda amayamba kuda nkhawa. Akatswiri a zanyengo sadalira cizindikiro cimeneci cokha. Cimene amayang'ana kwambiri ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific ndi ya India. Madzi a Pacific akatentha kuposa nthawi zonse, zimene zimadziwika ndi dzina lakuti El Niño, kum'mwera kwa Zambia kumakonda kugwa mvula yocepa, monga mu 2015 mpaka 2016 ndi mu 2023 mpaka 2024. Akazizira, zimene amati La Niña, mvula imakonda kuculuka.

Cithunzi ca zimenezi cimaoneka bwino pofika Ogasiti, pamene akatswiri a maiko a SADC amakumana, ndipo pambuyo pake cigawo coona za nyengo ca Zambia Meteorological Department cimalengeza za mmene dzinja lidzakhalire. Kufikira nthawi imeneyo, codalirika ndi ulosi wa tsiku ndi tsiku umene cigawoci cimapereka pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema.

Pomvera ulosiwo, omvera asamangotenga nambala ya kutentha kwa masana. Nambala yaciwiri, ya kuzizira kwa usiku, ndiyo imauza kholo ngati mwana afunika juzi ndi cisoti popita ku sukulu, ndiponso ngati agogo afunika bulangete lina. Ikayamba kutsika pansi pa madigiri 10, cisanu cafika, ngakhale masana dzuwa likhale likuwala.