Kasupe wa pakhomo: mmene tingamukonzere kuti madzi ake akhale abwino

Mabanja ambiri a kufupi ndi nyanja amavutika ndi madzi akumwa ngakhale nyanja ili pakhomo pawo. Madzi a m'mbali mwa nyanja ndi omwe timachapiramo, kutsukiramo nsomba ndi kusambiramo ana, ndipo m'malo a bango ndi udzu mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mijigo ilipo, koma ina madzi ake ndi amchere, ina ikawonongeka imatha miyezi osakonzedwa. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri. Choncho banja limene lili ndi kasupe m'munda mwake kapena m'tsinde mwa phiri, monga zimakhalira m'madera a Namwera ndi m'mapiri ena oyang'ana kunyanja, lisamutenge ngati chithaphwi wamba.

Kasupe ndi madzi a mvula amene analowa pansi kumtunda, n'kumasefeka pang'onopang'ono mumchenga ndi m'miyala mpaka atakumana ndi thanthwe kapena dongo lolimba limene sangathe kulidutsa. Akatero amayenda cham'mbali ndi kutulukira potsetsereka. Malo amene akutulukirawo ndiwo diso la kasupe. Nthawi zambiri madzi amafika padisopo ali abwino. Amayamba kuipa atatuluka kale, pamene mbuzi zaponda, achule aswerana, zikho za manja osasamba zamizidwa, ndipo mvula yakokolola zonyansa za kumtunda n'kuzithira momwemo. Ntchito yonse yokonza kasupe ndi yoti madzi achoke padiso ndi kulowa m'paipi asanakumane ndi zimenezi.

Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, muyeseni kaye kasupeyo. Nthawi yoyesera ndi Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe, chifukwa mu Febuluwale phiri lililonse limatuluka madzi. Funsaninso akuluakulu a m'mudzi ngati anaumapo zaka za chilala. Kenako konzani kangalande, ikani kachidutswa ka paipi, muwerenge mphindi zimene ndowa ya malita 20 ikutenga kuti idzadze. Ikadzadza pa mphindi 10, ndiye kuti kasupeyo akupereka malita 2 pa mphindi, kapena kuti malita 2,880 usana ndi usiku. Munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 pa tsiku akumwa, kuphikira ndi kudzisamalira, kotero banja la anthu 8 lingafune malita 160. Kwa ife amene timapanga wudhu kasanu pa tsiku ndi bwino kuwonjezerapo. Mukuona kuti kasupe wooneka wonyozeka, wongodontha, akhoza kusunga mabanja angapo ngati madzi ake a usiku sakutayika.

Yang'ananinso mmene amachitira mvula ikagwa. Kasupe amene madzi ake amada ndi kuchuluka mwadzidzidzi patangopita maola ochepa mvula itagwa akulandira madzi a pamwamba amene sanasefeke. Wotereyu ngakhale mumumangire bwino chotani, sadzakhala wodalirika. Samalani ndi akasupe otentha, ngati amene ali ku Nkhotakota ndi ku Liwonde. Madzi otere kawirikawiri amakhala ndi mchere wa fluoride wochuluka, umene umathimbiritsa mano a ana, ndipo ukachulukitsa umawononga mafupa. Kuwiritsa sikuuchotsa. A ofesi ya zamadzi ya paboma ndi amene angakuthandizeni kuti madzi akayezedwe.

Kenako kwerani kumtunda kwa diso muone zimene ziliko. Chimbudzi, dzala, khola ndi manda zisakhale kumtunda kwa kasupe, ndipo zitalikirane naye mamita 30 kapena kuposapo. Pamchenga, monga mmene nthaka ya kunyanja ilili, zoipa zimayenda msanga pansi, ndiye mtundawo uchuluke. Apa ndi pamene nkhani imavuta, chifukwa chimbudzicho mwina ndi cha mnansi. Yambani mwakhala pansi ndi iye pamodzi ndi amfumu. Ngati anthu akhala akutunga pamalopo kuyambira kale, kumanga kwanu kusawatsekere njira. Mikangano ya pachitsime imatha zaka, ndipo paipi yodulidwa usiku imayambira pamenepo.

Pokumba, yambirani pamene madzi akuonekera ndi kuwatsatira chobwerera m'phiri, mukuchotsa matope, mizu ndi zinyalala, mpaka muone madzi akutuluka oyera pamwamba pa dongo lolimba kapena thanthwe. Mukafika pamenepo lekani. Kukumba mopitirira kungaboole dongo limene lakhala likugwira madziwo, iwo n'kulowera pansi osabwereranso. Gwiritsani ntchito khasu ndi manja, pang'onopang'ono.

Kumunsi pang'ono kwa diso mmisiri amange chipupa cha njerwa zootcha kapena miyala ndi simenti, chozikika m'dongo ndi cholowa m'mbali zonse ziwiri kuti madzi asazembere kumbali. M'chipupamo mudutse mapaipi atatu. Yapansi penipeni ndi yotsukira matope, imakhala yotseka. Yapamwamba pang'ono ndi yotengera madzi. Yachitatu ndi yotayira madzi akachuluka, ndipo kukamwa kwake kumangidwe kawaya ka sefa kuti achule ndi tizilombo zisalowe.

Pali cholakwa chimodzi chimene chapha akasupe ambiri. Anthu amaganiza kuti akakweza chipupa ndi mapaipi ndiye kuti asunga madzi ambiri, ngati damu. Koma madzi akaunjikana mpaka kukwera pamwamba pa diso amakankhira m'mbuyo, ndipo kasupe amadzipezera njira ina. Tsiku lina mudzampeza akutulukira m'munda mwa wina, bokosi lanu la simenti lili gwa. Paipi yotengera madzi ndi yotayira, zonse ziwiri zikhale m'munsi mwa diso. Kasupe asatsekeredwe ngakhale pa nthawi yomanga: mupatseni kangalande kongoyembekezera kuti azipita mpaka simenti itauma. Ngati mukufuna kusunga madzi a usiku, mangani thanki payokha kumunsi, yokhala ndi chivundikiro ndi paipi yakeyake yotayira.

Pakati pa diso ndi chipupa dzazanipo miyala yotsuka bwino, ikuluikulu kufupi ndi mapaipi, ing'onoing'ono pamwamba pake. Pamwamba pa miyalayo yalani pepala la pulasitiki lolimba, kenako dongo loponda bwino ngati loumbira mbiya, kenako dothi, n'kudzalapo udzu. Dongolo ndilo denga la kasupe. Likang'aluka, madzi a mvula adzalowa ndi zonse zimene atola.

Pafupifupi mamita 10 kumtunda kwa diso kumbani ngalande yozungulira ngati uta, kuti madzi othamanga a dzinja azipatukira kumbali. Malo onsewo atchingidwe ndi mpanda, ngakhale wa minga, mbuzi zisafike. M'kati mwa mpanda mukhale udzu wokha, popeza mizu ya mitengo imathyola chipupa ndi kutseka mapaipi. Koma kumtunda, kumene mvula imalowera pansi, mitengo yachilengedwe monga mkuyu ndi katope isadulidwe. Phiri likametedwa ndi ootcha makala, madzi amangothamangira kunyanja osalowa pansi, ndipo kasupe amayamba kuuma mu Seputembala. Bulugamu musamudzale pafupi, amamwa madzi kwambiri.

Ngati nyumba ili kumunsi kwa kasupe, madzi akhoza kufika pakhomo okha popanda injini kapena magetsi. Nzeru imeneyi si yachilendo kuno. Mipopi ya madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, anthu a m'midzi akukumba okha ngalande za mapaipi. Paipi ikwiriridwe mozama kuti khasu, moto wa tchire ndi dzuwa zisaiwononge. Potungira pakhale simenti ndi ngalande, madzi otayika azipita kudimba la masamba kapena ku nthochi m'malo mopanga chithaphwi choswera udzudzu.

Ntchito ikatha, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzathire klorini m'bokosi ndi m'thanki musanayambe kumwa. Tizindikirenso kuti madzi amene sanasinthe mtundu, fungo kapena kakomedwe akhoza kukhala oyenera kupangira wudhu, koma tizilombo ta kolera ndi taifodi sitisintha chilichonse mwa zitatuzi. Ndiye m'dzinja, kapena kukamveka kuti kolera yabuka, madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa WaterGuard ndi kudikira mphindi 30, ngakhale achokere pa kasupe womangidwa bwino. Asungidwe m'chigubu chotseka kapena mu ndowa ya kampopi, osati mumtsuko umene aliyense amamizamo chikho chake.

Chaka chilichonse mvula isanayambe, lambulani ngalande ya kumtunda, konzani mpanda, tsegulani paipi yapansi kuti matope atuluke, ndipo yesaninso ndi ndowa ija. Lembani mphindizo m'kope. Zikayamba kuchuluka chaka ndi chaka, yang'anani ngati pali ponyowa patsopano m'mbali mwa chipupa, kapena ngati wina wayamba kudula mitengo kumtunda.