Tidziwe madera athu: Nkhunga, dambo la nzimbe, mpunga ndi usipa

Pa siteji ya minibasi pa boma la Nkhotakota, makondakitala olowera kumpoto amangokuwa kuti "Dwangwa! Dwangwa!" Ndi dzina limene Amalawi ambiri amalidziwa chifukwa cha shuga. Komatu munthu wa kumeneko akaberedwa njinga amathamangira ku polisi ya Nkhunga, wakubayo akagwidwa amakayankha mlandu ku bwalo la majisitireti la Nkhunga, ndipo mayi woyembekezera amakachirira ku chipatala cha Nkhunga. Derali linali ndi eni ake, mafumu ake ndi minda yake fakitale ya shuga isanamangidwe.

Nkhunga ali kumpoto kwa boma la Nkhotakota, m'dera la mfumu yaikulu Kanyenda, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera pa boma potsata msewu wa M5. Kum'mawa kuli nyanja ya Malawi, kumadzulo kuli zitunda ndi nkhalango. Ukapitirira kumpoto umafika pa mtsinje wa Dwambazi, pomwe pali malire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, amenenso ndi malire a chigawo chapakati ndi chakumpoto.

Mwini nkhani kuno ndi mtsinje wa Dwangwa. Umayambira kutali, ku nkhalango ya Kasungu, n'kudutsa minda ya fodya ndi chimanga ya m'boma limenelo, kenako n'kutsetsereka m'mapiri. Ukafika pa chigwa cha kunyanja umachepetsa liwiro n'kutula dothi lonse limene wakokolola m'njira. Kwa zaka mazanamazana dothi limenelo lakhala likuunjikana mpaka kupanga dambo lalikulu, lathyathyathya, lachonde ndiponso losasowa madzi. Chuma cha Nkhunga chagona pa dambo limeneli, ndipo mikangano ndi mavuto a derali amachokeranso pomwepo.

Eni nthaka

Ofufuza mbiri ya pakamwa amaika Kanyenda m'gulu la mafumu a Chimaravi amene anafalikira kumpoto, limodzi ndi Chulu ndi Kaluluma a ku Kasungu komanso Kabunduli wa ku Nkhata Bay. Kanyenda anakhazikika kunyanja, ndipo anthu ake anakwatirana ndi kusakanikirana ndi Atonga. N'chifukwa chake lero pa msika wina akakupatsa moni wa "Muli bwanji?" mnzake pambali amati "Mwe uli?", ndipo yankho la "Nde umampha" silidabwitsa aliyense. Magule nawonso amachitira umboni: anyamata amavina malipenga atavala zoyera, atsikana amavina chilimika nyengo ya chaka chatsopano, amayi amavina chioda.

Kumwera kwa Nkhunga, pa doko la Nkhotakota, kunali likulu la a Jumbe. Salim bin Abdallah, mmodzi wa a Jumbewo, anakhazikika pamenepo cha m'ma 1840, ndipo ngalawa zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. David Livingstone anafika pa dokoli mu 1861 ndi mu 1863, Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe mu 1889, ndipo ufumu wa a Jumbe unatha cha pakati pa zaka za m'ma 1890. Nthawi imeneyo inasiya zipsera, koma inasiyanso Chisilamu ndi ulimi wa mpunga, umene mpaka lero ndi mbewu yotchuka ya boma la Nkhotakota.

Chakudya chenicheni cha kuno ndi kondowole. Amayi amazula chinangwa, kuchisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kuchoka kuwawa. Akachivuula amachiyanika pa thandala kapena pa mwala mpaka chiume gwa, kenako amasinja kapena kupita nacho kuchigayo. Pophika sayamba ndi phala: madzi akawira amathira ufa n'kuvundula mwamphamvu, mphika ataupana ndi mapazi, mpaka nsimayo itanyududa. Ikapezana ndi usipa wauwisi kapena chigwada, mlendo wa kumtunda amayamba ndi kudandaula kuti ikumata m'manja, koma mbale amaisiya yoyera. Chinangwa chimakhala m'munda chaka chonse, ndiye chakhala chikuteteza mabanja a kuno ku njala m'zaka zimene chimanga chakanika m'madera ena.

Kubwera kwa fakitale

Kale amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja ankapita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni. Mu 1974 ndege ya Wenela yonyamula ogwira ntchito ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa ku migodi. Zaka zomwezo boma linkalimbikitsa maesiteti akuluakulu, ndipo pangano la ku Lomé la mu 1975 linatsegulira mayiko ngati Malawi msika wa shuga ku Ulaya pa mtengo wabwino. Kampani ya Lonrho, imene inali kale ndi fakitale ya Sucoma ku Nchalo kuyambira m'ma 1960, inaponya maso pa dambo la Dwangwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabadwa Dwangwa Sugar Corporation, imene anthu ankangoitchula kuti Dwasco. Midzi inasamutsidwa, ngalande zinakumbidwa, ndipo mahekitala zikwi zingapo anasanduka minda ya nzimbe yothiriridwa. Mu 1982 pafupi pomwepo panatsegulidwa Ethco, fakitale yotcheza ethanol kuchokera ku molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo, motero galimoto yoyenda mu Blantyre kapena mu Mzuzu imatha kukhala ikuwotcha nzimbe za kwa Kanyenda. Zotsalira za nzimbe zofinyidwa nazo sizitayidwa: amaziwotcha kuti zipereke nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina. Mu 1997 kampani ya Illovo ya ku South Africa inagula mafakitale a shuga a Lonrho, ndipo lero Illovoyo ili m'manja mwa Associated British Foods ya ku London.

Nyengo yodula nzimbe imayamba mvula ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi, n'kutha dzinja likamayandikira. Munda woti udulidwe amayamba autentha kuti masamba apse ndi njoka zithawe, ndipo phulusa lakuda limauluka n'kukagwera pa zovala zoyanikidwa m'makomo. M'bandakucha odula amalowa ndi zikwanje zawo. Pofika 9 koloko nkhope ndi malaya zada bii, ndipo nzimbe zagona m'mizere kudikira mathirakitala. Nzimbe yodulidwa siyenera kuchedwa kufika ku fakitale, chifukwa tsiku lililonse lodikira limachepetsa shuga wake. N'chifukwa chake nyengo imeneyi makina sagona, ndipo pa msewu pamakhala zimagalimoto zodzaza usana ndi usiku.

Ntchito inakoka anthu a mitundu yonse: Atumbuka, Alomwe, Asena, Ayao, Angoni. Pamene panali tchire panamera tauni ya mabanki, malo ogona alendo, magalaja, mizikiti ndi matchalitchi. Kumapeto kwa mwezi, malipiro akatuluka, a kabaza sapuma ndipo nsomba pa msika imakwera mtengo. Timu ya mpira ya Dwangwa United, imene kale inkatchedwa Dwasco, inkalandira matimu akuluakulu a m'dziko muno pa bwalo la Chitowe. Pa ndale, dera la kumpoto kwa Nkhotakota linatulutsa a Henry Chimunthu Banda, amene anali sipikala wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 2009 mpaka 2014.

Nzimbe kapena mpunga?

Si nzimbe zonse zimene zimalimidwa ndi kampani. Kuyambira pachiyambi boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Sugar Authority kuti alimi ang'onoang'ono azilima n'kumagulitsa ku fakitale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ntchitoyo inapita m'manja mwa Dwangwa Cane Growers Trust ndi Dwangwa Cane Growers Limited, ndipo pambuyo pake panabadwanso magulu ena a alimi. Mu 2006 mayiko a European Union atayamba kutsitsa mtengo umene ankagulira shuga, anapereka thandizo loti mayiko olima nzimbe apirire kusinthako, ndipo banki ya African Development Bank nayo inaikapo ndalama zokulitsira minda ya alimi.

Ena nzimbe zawapindulira ndithu: nyumba za malata, ana ku sekondale, njinga zamoto pakhomo. Koma mlimi wa nzimbe ali ndi msika umodzi wokha, ndipo amalandira ndalama zake atachotseredwa za feteleza, zodulira, zonyamulira ndi ngongole. Kawirikawiri madandaulo amakhala pa zochotsazo: mlimi amaona matani amene munda wake watulutsa, n'kuona zimene zatsala pa pepala, mutu osagwira.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya malo. Pamene minda ya nzimbe inkakula m'zaka za m'ma 2000, mabanja ena a m'madambo a Nkhunga ndi Kazilira anadandaula kuti malo amene ankalimapo mpunga, chinangwa ndi chimanga cha dimba analowetsedwa mu sikimu ya nzimbe iwo asanavomere, ndipo milandu ina inafika ku makhoti. Gwero la vutoli n'lakuti malo a makolo analibe mapepala. Banja linkadziwa malire ake poloza mtengo wa mango kapena chulu, pamene sikimu imabwera ndi mapu ndi siginecha. Wolima mpunga amafunsa kuti, "Nanga ana adya nzimbe?" Wolima nzimbe amayankha kuti mpunga sunamangirepo munthu nyumba ya njerwa msanga chotere. Onse awiri akunena zoona, ndipo onse akuloza dambo limodzi.

Kunyanja

Makilomita ochepa kuchokera pa msewu waukulu, moyo umayendera mphepo ndi mwezi. Kukakhala mdima, asodzi amapalasa mabwato atakoleza nyali zokopera usipa, ndipo mabwato ena amazungulira ndi khoka la chilimira. Woyang'anira nyali amatchedwa siginala, ndipo ndi amene amadziwa pomwe nsomba zaunjikana. M'mawa amayi amadikira pa gombe ndi mabeseni. Usipa wina amaufwafwaza, wina amauyanika pa thandala, ndipo pofika madzulo amakhala ali m'matumba, ulendo wa ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera ikakalipa, mabwato amakhala pamtunda ndipo ndiwo zimasowa.

Chambo chachepa poyerekeza ndi kale, ndipo makomiti a m'magombe amavutika kuletsa osodza ndi maneti a udzudzu amene amakokolola ndi tiana tomwe. Mpasa, nsomba imene imakwera mitsinje kukaswana, yatsala ndi mitsinje yowerengeka, ndipo wodalirika kwambiri ndi Bua, chifukwa umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Nkhalangoyi, ya masikweya kilomita 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 inalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Phunziro lake n'loonekeratu: pamene mitengo yasungidwa, mtsinje umayenda ndi madzi oyera ndipo nsomba zimaswana.

Mtsinje ukakwiya

Mtsinje wa Dwangwa ulibe chitetezo chotere m'mbali zambiri za ulendo wake. Mitengo ikatha kumtunda chifukwa cha minda, fodya ndi makala, mvula imatsika nthawi imodzi, itasenza mchenga umene umakwirira mtsinje. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mvula yamphamvu inagwa, mitsinje inasefukira, ndipo dera la Kanyenda linamira. Anthu anafa, zikwizikwi anathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi, msewu wa M5 unaduka, ndipo ena anapulumutsidwa pa maboti. Chaka chomwecho nyanja nayo inakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'magombe. Kusalala kwa dambo, kumene kunakopa fakitale, ndi komwenso kumachititsa kuti madzi akabwera asowe kolowera.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 390,000 m'boma la Nkhotakota, ndipo chiwerengerocho chikukwera pamene dambo silikukula. Lamulo la malo a makolo la mu 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limalola banja kulembetsa malo ake kudzera m'komiti ya m'mudzi n'kukhala ndi chikalata. Kumadera ngati Nkhunga, kumene munda umodzi ukufunidwa ndi wa mpunga, wa nzimbe ndi womanga nyumba, kulembetsa malo kumeneku kukufunika msanga kuposa kwina kulikonse. Pambali pake pakufunika msewu wa M5 wolimba ndi milatho yotakata, malo okwera oti mabanja a m'zigwa asamukireko, ndi mgwirizano ndi anthu a ku Kasungu pa zosamalira mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Zonsezi ndi ntchito za khonsolo ya boma, mafumu, makampani ndi aphungu, ndipo dera limene limapatsa dziko shuga, ethanol, mpunga ndi nsomba lili ndi chifukwa chokwanira chowafunsira kuti afika nazo pati.