MAKINA OMANGA UDZU WA NG'OMBE M'MABELO: ZOYENERA KUONA ASANAGULE

Mlimi aliyense wa ng'ombe m'cigawo ca Kum'mawa adziwa kuti miyezi yoopsa pa ziweto ndi Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Pa nthawi imeneyi msipu wauma, mapesi atha m'minda, ndipo udzu umene unatsala m'thengo wapsa ndi moto. Ng'ombe zimaonda, mkaka umacepa, ndipo mvula yoyamba ikagwa, ng'ombe zolimira ziribe mphamvu yokoka khasu. Munda umalimidwa mocedwa, ndipo zokolola zimacepa. M'caka ca 2024 vuto limeneli linakula koposa. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni anali atauma.

Njira yopulumutsira ziweto ndiyo kumweta udzu ukali wabwino, kuumitsa ndi kusunga. Cifukwa cace alimi amene ali m'magulu a cigwirizano nthawi zina amafunsana ngati n'kwabwino kugula makina akulu omanga udzu m'mabelo, onga amene agwira nchito pa mafamu akulu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka. Amafunsanso kuti mwa mitundu yonse ya makinawa, woposa ndi uti. Nkhani ino ifotokoza zimene ayenera kudziwa asanataye ndalama zao.

Makina akulu ndi kumene acokera

Makina amenewa amakokedwa ndi thalakita. Amatola udzu umene waunjikidwa m'mizere, nauponderezera m'bokosi la citsulo, naumanga ndi zingwe, ndipo kumbuyo kumatuluka belo la ngodya zinai. Makina oyamba a mtundu waukuluwu anapangidwa m'caka ca 1978 ndi kampani ya Hesston ya ku Kansas m'dziko la America. Kampaniyo inagulidwa ndi AGCO m'caka ca 1991, ndipo makina a ku Hesston amagulitsidwa ndi dzina la Massey Ferguson. Ku Germany, kampani ya Claas inatulutsa makina ace ochedwa Quadrant m'caka ca 1988, ndipo ya Krone inatulutsa BiG Pack m'caka ca 1993. Alipo enanso a New Holland ndi a Case IH, amene ali pansi pa mwini mmodzi, ndiponso a John Deere.

Mabelo ace ndi osiyana msinkhu. Alipo a masentimita 80 m'mimba ndi 90 m'mwamba, a 120 ndi 70, a 120 ndi 90, ndiponso akulu koposa a 120 ndi 130. M'litali amafika mamita awiri ndi theka. Belo laling'ono mwa amenewa limalemera makilogalamu 300 kufikira 400, ndipo lalikulu limapitirira theka la tani. Palibe munthu angalinyamule ndi manja.

Kusiyana kwa mitunduyi

Makampani onsewa ndi akale pa nchito, ndipo makina ao onse amamanga udzu bwino akasamalidwa. Kusiyana kwakukulu kuli pa zitsulo zomanga mfundo. Makina a belo la masentimita 80 ali nazo zinai, ndipo ambiri a belo la masentimita 120 ali nazo zisanu ndi cimodzi. Makina ambiri a Claas amamanga mfundo imodzi pa cingwe ciriconse. A Massey Ferguson, a New Holland ndi ambiri a Krone amamanga mfundo ziwiri. Ubwino wa mfundo ziwiri ndi wakuti cingwe sicikokedwa kolimba pamene belo liri kupangidwa, kotero siciduka kawirikawiri ngakhale udzu utapanikizidwa kwambiri. Ubwino wa mfundo imodzi ndi wakuti zitsulo zace n'zocepa, ndipo makanika sacedwa kuzidziwa. Citsulo cimodzi comanga mfundo cikalakwa, mabelo amamasuka ndipo nchito yonse imaima.

Mafunso asanu oyenera kufunsa

Funso loyamba ndi la masipeya ndi makanika. Nthawi yomanga udzu ndi yaifupi, ndipo udzu womweta kale sungadikire. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550. Ngati citsulo cathyoka ndipo wogulitsa ayenera kuciitanitsa kunja kwa dziko, nyengo idzatha makina ali cikhalire. Tsono ogula ayenera kufunsa wogulitsa kuti awaonetse ndi maso masipeya amene ali nao m'nyumba yace ya katundu, makamaka masingano ndi zitsulo za mfundo, ndiponso anene masiku amene makanika wace angatenge kufika ku Kum'mawa. Makina a dzina lochuka opanda masipeya pafupi aposedwa ndi makina ena aliwonse amene masipeya ace apezeka msanga.

Funso laciwiri ndi la thalakita. Makina akuluwa amalemera matani 7 kapena kuposa. Ang'ono mwa iwo afuna thalakita ya mphamvu za akavalo zoposa 100, ndipo akulu koposa afuna pafupifupi 200. Mathalakita ambiri amene amalima minda ya m'midzi safika mphamvu imeneyi. Ndiponso citsulo ca kumbuyo kwa thalakita cimene cimayendetsa makina ciyenera kuzungulira nthawi 1,000 pa mphindi imodzi, pamene mathalakita ang'ono ambiri amazungulitsa nthawi 540 zokha.

Funso lacitatu ndi la zipangizo zina. Makina omanga samweta udzu okha. Pafunika makina omwetera, makina ounjikira udzu m'mizere, ndi thalakita ya mafoloko yokwezera mabelo pa galimoto. Pafunikanso zingwe zolimba za pulasitiki zimene zimagulidwa caka ndi caka. Akale anati walira mvula walira matope. Wofuna makina akulu afunanso zonsezi.

Funso lacinai ndi la munda. Makinawa afuna munda waukulu, wosalala, wopanda zitsa, miyala ndi zulu. Minda yambiri ya ku Chipata, Katete ndi Chadiza ndi yaing'ono, ndipo iri ndi mizere yokwezeka. M'munda wotere makina amataya nthawi pokhota, ndipo citsa cimodzi cikhoza kuthyola mano otolera udzu.

Funso lacisanu ndi la makina ogwirako kale nchito. Makina otere ali ndi cowerengera mabelo amene amanga ciyambire. Ogula ayenera kuona ciwerengeroco, napite ndi makanika wao wokhulupirika, ndipo asalipire asanaone makinawo ali kumanga udzu m'munda.

Kuwerenga udzu umene banja lifuna

Ng'ombe yolemera makilogalamu 300 imadya cakudya couma ca makilogalamu 7 kapena 8 pa tsiku. Ngati banja liri ndi ng'ombe zinai, ndipo lifuna kupatsa iriyonse makilogalamu 4 pa tsiku poonjezera pa zimene yadya kubusa, kwa masiku 120 kuyambira Ogasiti kufikira Novembala, lifuna makilogalamu 1,920, ndiko kuti pafupifupi matani awiri. Amenewa ndi mabelo akulu asanu okha, amene makina angamange theka la ola lisanathe. Pamenepa paoneka poyera kuti banja limodzi, ngakhale mudzi umodzi, ulibe udzu wokwanira kubweza mtengo wa makina otere. Makinawa ayenera famu yaikulu, kapena munthu wa malonda amene amayenda nao m'mafamu ambiri namalipiritsa pa belo. Gulu la alimi limene lingatenge ngongole ya makinawa lisanawerenge bwino, lidzagulitsa ng'ombe zomwezo zimene linafuna kupulumutsa.

Njira zina zoyenera alimi ang'ono

Alipo makina ang'ono omanga mabelo a makilogalamu 15 kufikira 25, amene munthu mmodzi akhoza kunyamula ndi kukweza pa ngolo. Makina a mtundu umenewu anachuka kuyambira m'caka ca 1940, pamene kampani ya New Holland inayamba kupanga makina omanga okha mfundo. Thalakita ya mphamvu za akavalo 40 kapena 50 ikhoza kuwakoka. Gulu la alimi a mkaka limene liri ndi thalakita kale liyenera kuyamba kuganizira amenewa.

Koma banja la m'mudzi likhoza kumanga mabelo popanda makina. Mmisiri wa matabwa apange bokosi lopanda pansi, la mita imodzi m'litali, theka la mita m'mimba ndi masentimita 40 m'mwamba. Mlimi agoneke zingwe ziwiri m'bokosimo, nsonga zace zitulukire kunja, athiremo udzu pang'ono pang'ono akupondaponda ndi mapazi. Likadzaza, amange zingwe kolimba, nakweze bokosi. Belo lotere limalemera makilogalamu pafupifupi 15, kotero banja la ng'ombe zinai lija lifuna mabelo 128.

Udzu wabwino ndi kasungidwe kace

Makina, akulu kapena ang'ono, sasandutsa udzu woipa kukhala wabwino. Udzu umwetedwe pamene wayamba kumene kucita ngayaye, m'mwezi wa Marichi kapena Epulo, pakuti ukakhwima umasanduka wouma gwa ndipo mphamvu yace imacepa. Uyanikidwe masiku awiri kapena atatu akuutembenuza. Masangwi a nshawa, zimene cigawo cino cimalima kwambiri, ndi cakudya coposa mapesi, cifukwa ali ndi zomanga thupi zambiri. Asonkhanitsidwe msanga masamba asanayoyoke, ndipo asatenthedwe.

Udzu usamangidwe ukali ndi cinyontho. M'belo lalikulu madzi sayenera kupitirira magawo 15 pa 100, pakuti belo lopanikizidwa kwambiri silipita mphepo. Udzu wonyowa umacita cuku, umatentha m'kati, ndipo ukhoza kuyaka wokha. Poyesa, mlimi aike udzu pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mcere, nakhuchumule. Mcere ukamatirira ku botolo, udzuwo sunaume. Mabelo asungidwe pa thandala pansi pa denga, kutali ndi ciswe ndi moto. Podyetsa, zingwe za pulasitiki zicotsedwe zonse, cifukwa ng'ombe ikazimeza zimatseka m'mimba ndipo ikhoza kufa.

Alimi ofuna kudziwa zambiri za udzu wobzala monga Rhodes, kapena za mbeu za nshawa, afunse alangizi a malimidwe ndi a ziweto a m'dera lao, kapena akaonane ndi akatswiri a pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata. Magulu amene ali kuganiza zogula makina atenge alangiziwo kuti awathandize kuwerenga mahekitala, matani ndi ndalama asanasaine pepala liri lonse la ngongole.