Kusamala Msipu ndi Malo a Akavalo Aang'ono M'nyengo Yachisanu

Mvula ya ku Pretoria imagwa makamaka pakati pa October ndi March, ndipo pachaka imafika mamilimita pafupifupi 700. Ikangoleka, chisanu chimayamba kugwa usiku ndipo udzu umafiira. Mabanja a m'madera onga Brooklyn, kufupi ndi University of Pretoria, alibe malo odyetserapo ziweto, choncho amene ali ndi akavalo aang'ono amawasunga pa timinda ta kunja kwa mzinda. Pa timinda tochepa chotero vuto la msipu limaonekera msanga.

Akavalo aang'ono ndi opirira. A mtundu wa Basotho amakhala m'mapiri ozizira a ku Lesotho, ndipo a mtundu wa Nooitgedacht anachokera kwa iwo pa ntchito imene boma la South Africa linayamba m'chaka cha 1952 pa malo a kafukufuku a Nooitgedacht, kufupi ndi Ermelo. Komabe kupirira kuli ndi malire ake. Udzu wa m'madera okwerawa ukakhwima umatsala ndi chakudya chomanga thupi chochepa kwambiri. Kavalo wolemera makilogalamu 300 amafuna udzu wouma pafupifupi makilogalamu 6 patsiku, kutanthauza makilogalamu 900 m'masiku 150 achilimwe. Udzu umenewu uyenera kumwetedwa usanakhwime, mvula isanathe. Alimi ambiri kumeneko amasunga wa Eragrostis curvula. Ku Malawi ndi ku Zambia wa Rhodes ndi masangwe a mtedza zimagwira ntchito yomweyo kwa abulu.

Kavalo amabudula udzu ndi mano mpaka kufika pa dothi, ndipo ziboda zake zimagumula chotsalacho. Nchifukwa chake nkwanzeru kupatula kachigawo kamodzi kouma bwino, kokhala ndi madzi ndi pothawira mphepo, kuti akavalo azidyera momwemo pamene zigawo zina zikupuma kufikira udzu utaphukanso. Kachigawoko kadzaonongeka ndithu, koma nkwabwino kutaya kamodzi kusiyana ndi busa lonse. Chipinda cha kavalo mmodzi chisachepere mamita 3 m'litali ndi m'lifupi momwe. Udzu uikidwe pamilu yotalikirana, yochuluka kuposa chiwerengero cha akavalo, popeza wamphamvu amapirikitsa wofooka.

Ngozi yaikulu imadza pamene msipu watha ndipo mlimi watembenukira ku zotsalira za chimanga. Chimanga chogwidwa ndi chuku cha Fusarium verticillioides chimakhala ndi poizoni wotchedwa fumonisin, amene amaononga ubongo wa kavalo. Chiweto chimadzandira, chimayenda mozungulira, chimaleka kuona bwino, ndipo chikhoza kufa m'masiku owerengeka. Mankhwala ochiritsa palibe. Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1988 ndi gulu la akatswiri a ku South Africa lotsogozedwa ndi Walter Marasas, ndipo mogwirizana ndi anzawo a ku Onderstepoort anatsimikiza kuti ndiye gwero la matendawa. Ng'ombe zimapirira mlingo umene ungaphe kavalo, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri amasokonezeka. Abulu nawonso amagwidwa, choncho alangizi a ku Dedza, Chipata kapena Angónia achenjeze alimi kuti chimanga choola, madeya achuku ndi zotsalira za m'nkhokwe zisapatsidwe kwa ziweto zokoka ngolozi.

Chakudya chogula cha ng'ombe kapena nkhuku nachonso chisafike kwa akavalo, pakuti china chimakhala ndi monensin, amene amaononga mtima wa kavalo ngakhale atadya pang'ono.