Chatsitsa Dzaye: Za Kufufuza Vuto la Kompyuta

Makolo athu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mwambi umenewu utiphunzitsa kuti poweruza mlandu sitiyambira pa mnyanga wothyokawo ayi, koma tibwerera m'mbuyo kufikira titapeza chimene chinayamba kugwedeza mtengo. Nzeru yomweyi ifunika kwa mphunzitsi wa masiku ano, pakuti kuyambira chaka cha 2023 boma linayamba kugawa matabuleti m'sukulu za pulaimale mwa ntchito yotchedwa BEFIT, ndiponso aphunzitsi ambiri alemba mayeso ndi kusunga malikisi a ana pa kompyuta. Wina wa inu akadzatumidwa kukaphunzitsa ku Likangala, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, adzaona kuti mmisiri wa makinawa ali kutali m'tauni ya Zomba, ndipo ulendo wa kumeneko udya ndalama pamodzi ndi tsiku lathunthu la maphunziro.

Tsono mfundo yoyamba ndi iyi: kompyuta imene inagwira bwino ntchito dzulo, nivuta lero, kawirikawiri yavuta chifukwa kanthu kena kasintha pakati pa dzulo ndi lero. Taonani mlimi wa mpunga pa sikimu ya Likangala. Madzi akaleka kufika m'munda mwake, iye sagumula ngalande yonse, koma ailondola chokwera kufikira apeza pamene mnzake anatseka usiku, kapena pamene dothi linagumukira. Momwemonso inu musayambe ndi funso lakuti, "Chawonongeka nchiyani?" Yambani ndi lakuti, "Inagwira bwino komaliza liti, ndipo chachitika nchiyani kuyambira pamenepo?"

Zosintha zimene zivutitsa kompyuta zili za mitundu inayi. Choyamba, pulogalamu yatsopano imene munthu waikamo. Chachiwiri, zokonzanso zimene kompyuta ilandira yokha kwa opanga ake ikalumikizidwa ku intaneti, nthawi zina mwini wake osadziwa. Chachitatu, chipangizo chachilendo, monga pulinta kapena fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri nitenga vairasi. Chachinayi, kuzima kwadzidzidzi kwa magetsi pamene kompyuta inali pakati pa kusunga ntchito.

Chokondweretsa nchakuti kompyuta ya Windows ilemba yokha mbiri ya zinthu zotere. Pamalo pofufuzira lembani mawu akuti reliability, ndipo mutsegule chimene chitchedwa Reliability Monitor. Mudzaona chithunzi cha masiku ondandalikidwa ngati kaundula wa kalasi, ndi mzere wokwera ndi kutsika pakati pa 1 ndi 10. Chizindikiro chofiira chisonyeza tsiku limene pulogalamu inalephera. Chachikasu ndicho chenjezo. Chobiriwira ngati thambo chinena kuti kanthu kanaikidwa kapena kukonzedwanso. Funani tsiku limene zofiira zinayamba, ndipo muyang'ane zimene zinalowa tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Nthawi zambiri mwini mlandu ali pomwepo. Umboni wina muupeza mu Settings, m'mene muli mndandanda wa zokonzanso ndi masiku ake, ndiponso mndandanda wa mapulogalamu, umene mukhoza kuusanja monga mwa tsiku limene pulogalamu iliyonse inalowa.

Mutapeza zimene muzikayikira, gwirani lamulo ili: bwezani chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi, kuyambira chimene chinalowa pambuyo pa zonse, ndipo muyese kompyuta musanakhudze china. Munthu amene amwa mankhwala atatu tsiku limodzi, akachira sadziwa amene amchiza, ndipo nthendayo ikabweranso ayambanso kusakasaka. Mukachotsa chinthu koma vuto osatha, chibwezereni m'malo mwake, pakuti chilibe mlandu.

Njira imeneyi ikakanika, chilipo chida china chotchedwa System Restore, chimene chakhala mu Windows kuyambira chaka cha 2000. Ntchito yake ndiyo kubweza makonzedwe a kompyuta monga analili tsiku lina lapitalo. Sichifafaniza makalata kapena malikisi anu, koma chichotsa mapulogalamu amene analowa pambuyo pa tsikulo. Dziwani kuti pa makompyuta ena chida chimenechi chikhala chotseka, kotero muchitsegule zinthu zikali bwino. Denga salifolera mvula itafika.

Musayese kuti zimenezi nza kumudzi kokha. Pa 19 July 2024 kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike inatumiza zokonzanso zolakwika kwa ogula ake, ndipo monga ananenera a Microsoft, makompyuta ngati 8.5 miliyoni analeka kugwira ntchito. Ndege zambiri sizinauluke, ndipo mabanki ndi zipatala zinavutika. Koma akatswiri anazindikira msanga gwero lake, popeza anadziwa chimene chinasintha ndi ora lake; ndipo mankhwala ake anali kuchotsa kafayilo kamodzi pa kompyuta iliyonse.

Komabe pali zina zimene makina salemba. Sanena kuti ndani anabwereka kompyuta Loweruka, kapena kuti fulashi ija inachokera kuti. Chifukwa chake sungani kabuku pambali pake, monga mphunzitsi wamkulu asunga buku la zochitika pa sukulu. Aliyense wokhudza makinawo alembe tsiku, dzina lake, ndi chimene wachita. Pa matabuleti a ana musachotse kanthu mwa nokha, koma kabukuko kadzathandiza woyang'anira pamene mupereka lipoti. Ndipo ngati mufikadi kwa mmisiri, musamlole afufute zonse za m'kompyuta musanakope ntchito yanu kwina, pakuti malikisi a chaka chonse akhoza kutayika pa kanthawi kochepa.

Potsiriza, kumbukirani kuti mwambo umenewu ndi wa uphunzitsi ndithu. Mwana amene anali kukhoza bwino akayamba kulephera, mphunzitsi wanzeru sathamangira kumdzudzula, koma afunsa chimene chasintha kwawo kapena m'kalasi. Phunzirani kufunsa funso lomweli pa makina, ndipo muwaphunzitse ana anu kulifunsa.